Nambala Wani

Chaka chimene ndinkachita maphunziro a pakalata a zamasewera, ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ku Chipangali, ndipo timu ya atsikana ya mpira wa manja inali yanga. Buku lathu linkati njira zodziwira za mumtima mwa wosewera zilipo ziwiri: kumupatsa pepala achonge manambala, kapena kukhala naye pansi n'kumumvetsera. Ine ulesi! Kucheza ndi atsikana onsewo mmodzimmodzi, kenako n'kulemba zonse? Ndinasankha manambala.

Amene ankandizunguza mutu anali woponya zigoli wathu, mtsikana wamtali wa Giredi 9, wofunitsitsa kudzakhala namwino. Kale sankaphonya. Koma teremu imeneyo akafika pagolo mpira unkangogunda chitsulo.

Atsikana onse ndinawakhazika pansi pa mtengo wa mango n'kuwagawira mapepala.

"Wani ndiye kuti ulibe nkhawa, faifi ndiye kuti nkhawa yakukwana. Mwamva?"

"Tamva, Madamu!"

Onse anachonga wani, funso lililonse. Mutu wanga wa nkhuku unaiwala kuti kwa mwana wa sukulu wani ndi nambala ya wanzeru m'kalasi. Ndani angadzipatse faifi aphunzitsi akuona?

Potolera mapepala, woponya uja anatsalira m'mbuyo.

"Madamu, muwerenga zonse?"

"Zonse ziti iwe? Si manambala okhaokha awa? Thamanga, ukayeserere kuponya."

Ndinaphatikiza, ndinagawa, n'kulemba kuti timu yanga ilibe nkhawa. Ntchitoyo ndinaitumiza kwa aphunzitsi anga a pakalata ku Lusaka; itabwerako ndinali nditakhoza bwino, ndipo ndinayenda monyada sabata yonse. Mapepala aja ndinawaponya m'katoni.

Teremu yotsatira mtsikanayo sanabwere. Ndinkangoti mwina ndi malungo. M'mawa wina mu Juni, pofuna pepala loyatsira mbaula, ndinapisa m'katoni muja n'kutulutsa lake. Kuseri kwake kunali mawu a pensulo:

"Madamu, atsibweni andipezera mwamuna, woyendetsa lole wa kumalire ku Mwami. Akuti tikakumba mtedza ndipita. Ndikaima pagolo ndimangoganiza zimenezo. Chonde mukalankhule nawo, inu akakumverani."

Mtedza unali utakumbidwa kalekale.

Ndinapalasa njinga mpaka kumudzi kwawo, m'mutu ndikukonza mawu okalankhula ndi atsibweniwo. Ndinapeza mayi ake okha akuswa mtedza pakhonde. Anandiyalira mphasa, tinapatsana moni mwaulemu, ngati kuti palibe chachitika.

"Mwana ali kuti, mayi?"

"Mwamunayo anawoloka naye malire. Kumene akukhala sitikudziwa bwino. Achimwene akalamula, ine ndinganene chiyani?"

Ndinatulutsa pepala lija, osadziwa kuti ndikuwaonetseranji. Mbali imene inaloza kwa iwo inali ya mawani aja. Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana.

Mayiwo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anathira makoko pansi n'kuloza kanjira komwe ndinadzera.

"Tchuthi chonse ankakhala pamene mwakhalapo, maso kunjirako. Ankati, 'Musadandaule amayi, Madamu akangowerenga, abwera.'"