Tsitsi Limene Ba Abson Sanaotche

Ba Abson anaphunzirira kumeta pa mpanda wa maluwa. Atafika mu Lusaka kuchokera ku Katete, ndevu zisanamere n'komwe, analembedwa ntchito ya m'dimba kwa mzungu wina ku Woodlands. Mpandawo ankaudulira mosalala moti anzawo anayamba kuwabweretsera mitu yawo Loweruka. Chaka cha ufulu mzungu uja ananyamuka, nawasiyira sizasi ndi galasi long'aluka, ndipo iwo anakhazika mpando pansi pa mtengo kuseri kwa msika wa Kabwata. Oseka ankati mitu yonse ya m'Kabwata ikufanana ndi mpanda wa ku Woodlands, koma tsitsi likakula ankabweranso kudzakhala pamzere.

Chimene chinkawakoka anthu si luso lokha ayi. Ba Abson anali mkulu wa mpingo wa Reformed, wodzudzula zamatsenga mpaka thukuta kamukamu, komabe akamaweruka ankasesa tsitsi lonse n'kuliotcha anthu akuona. Munthu ankachoka pampandopo mtima uli m'malo, podziwa kuti palibe wanjiru angatole tsitsi lake kukamuchitira zoipa. Moto sunkawavuta. Pafupi pawo panali ba Gilson, mnzawo wa kwawo, wokonza mabatire a galimoto. Zaka zimenezo za chipani chimodzi batire yatsopano inkasowa ngati mafuta ophikira, choncho ba Gilson ankaswa akale n'kusungunula mtovu wa m'kati mwake pa mbaula yosazima. Mbaula yomweyo inkalandira tsitsi, ndipo Eness, mkazi wa ba Abson, ankaotcherapo mbatata za ana.

Emmy, mwana wawo womaliza, anakulira pambaula imeneyo. Kanali kamwana kolongolola, koma kenaka kanayamba kufota: m'mimba osatha, chakudya kukana, nyimbo za ku Sande Sukulu kuziiwala. Mankhwala a njoka za m'mimba sanathandize. Mantha anawagwira ba Abson, pakuti Hector, mwana wa ba Gilson, anayamba chimodzimodzi, ndipo anamuika m'manda. Azimayi kumpopi ankanong'ona kuti wometa wateteza mitu ya anthu onse n'kuiwala wa m'nyumba mwake.

M'masiku amenewo kunatulukira mtsikana wa ku yunivesite, Josephine Kabamba, atanyamula timaenvulopu. Iye anali wa kemisitiri, koma ntchitoyo ankagwira ambiri: iye kuyeza, madokotala kupima odwala, a mapu kulemba malo. Ankafuna kudziwa ngati utsi ndi fumbi la m'tauni zimasiya poizoni m'matupi a anthu. Anzake ophunzira za miyambo anali atamuchenjeza kuti tsitsi sapempha ngati mchere, koma iye ankati kwa wometa lili mbwee, ndipo n'lotaya.

"Mwachoma bwanji, batate?" anatero atafika kwa ba Abson. "Nipempako tsitsi iyo mwasesa. Ni ya lisechi chabe, kafukufuku wa ku sukulu."

Tcheyamani wa chipani wa m'deralo, amene anali pampando mutu utametedwa mbali imodzi, anadzambatuka nsalu ili m'khosi.

"Mwana wanga," anayankha ba Abson, "ku sukulu kwanu sibanakuuzeni? Tsitsi ya munthu ni munthu. Muyende bwino."

Josephine anachita manyazi, napepesa. Potembenuka anaona Emmy atakhala phee pambaula, akuseweretsa timibulu ta mtovu. Anagwada, namuyang'anitsitsa, kenaka anatembenukira kwa Eness.

"Bamayo, uyu mwana amadwala mumimba? Ine sindine dokota, koma uyu mulilo wa pa mbaula wanipatsa mantha. Nizabwelanso pa Chibelu."

Mpaka Loweruka limenelo ba Abson ankangosinkhasinkha. Ankadziwa kuti zikamveka zoti tsitsi lachoka pampando pawo lili mu envulopu, dzina limene analimanga kuyambira chaka cha ufulu litha tsiku limodzi. Koma ankakumbukiranso kabokosi ka Hector, mmene kanapepukira paphewa.

Josephine atabwera, mzere uli wautali, ba Abson sanabise kanthu. Anakweza Emmy pampando, nadula katsitsi, nakaika mu envulopu. Kenaka anadula lawo.

"Onani bonse," anatero. "Iyi ni ya mwana wanga, iyi ni yanga. Yanu nizashoka pa mbaula monga masiku onse."

Ena anaimirirabe n'kupita kwa ometa a ku Kamwala, tcheyamani uja ali patsogolo.

Patapita masabata Josephine anabwera ndi dokotala, amene anatenga magazi a mwanayo. A mapu anatapa dothi la pambaula. Onse anapeza chimodzi: mtovu. Unali mu utsi, m'fumbi, pa mbatata, m'timanja ta Emmy. Mwanayo anagonekedwa m'chipatala, ndipo Josephine, amene ntchito yake inali itathera pa envulopu, ankakwerabe basi kukamuona, atanyamula malalanje. Emmy anatuluka ali wowonda ngati bango, koma ali moyo. Mmawa wina Eness anamumva akuimba posamba, ndipo anasiya mbale n'kukhala pansi kulira.

Ba Abson anametabe mpaka maso atawakana. Makasitomala ambiri anabwerera, tcheyamani yemwe, ati ometa a ku Kamwala amadula makutu. Emmy masamu sanamuyanje, koma anakula, naphunzira kusoka, nawapatsa adzukulu. Wophunzira wa ku yunivesite akakhala pampandopo, ankachoka atamva nkhani yonse, afune asafune, ndipo ba Abson ankaitsiriza ndi mawu akuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ankathokoza mtsikana uja poyera, mopanda manyazi, ngakhale popemphera pa chakudya.

Koma panali mbali imodzi imene ankainena motsitsa mawu. Zotsatira zitatuluka, wina anayenera kukauza ba Gilson, ndipo ba Abson anakana kuti apite mlendo. Anapita okha. Mnzawoyo anamvetsera chitsulo chovundulira chili m'manja.

"Ndiye kuti Hector ninamupaya neka?"

"Sitinadziwe tonse, achimwene. Mbatata zija na ine nenze kumupatsa."

Ba Gilson anaika chitsulo chija pansi. Anathira madzi pambaula ija, nachoka osatsazika. Ba Abson anabwerera pampando pawo mtima ukuwawa, poganiza kuti apulumutsa mwana koma ataya m'bale.

M'mawa mwake akufika kuntchito, anapeza ba Gilson atakhala kale pampandopo, nsalu atadzimanga okha m'khosi. Pabenchi panali ana a ba Gilson otsala, atasamba, atakhala motsatana misinkhu.

"Tigele tsitsi tonse," anatero ba Gilson, osayang'ana pagalasi. "Usashoke pa mbaula. Upeleke kuli uja mwana wa ku sukulu."

Ba Abson anatenga sizasi, koma anayamba apukuta kaye m'maso.