Chotupa Chimene Ankati Ndi Mauka

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kufera pamkeka chifukwa cha lezala. Ndine mayi wa ku Lirangwe, ndinakwatiwa ku Chileka. Nkhani yangayi ndi ya kumalo obisika, ndiye mundikhululukire.

Nditabereka mwana wachiwiri, kumaliseche kunatuluka chotupa chofewa. Pokodza ndinkachita kudzikakamiza, mkodzo n'kumangodontha pang'onopang'ono. Amuna anga anayamba kundikayikira, amvekere matenda oterewa munthu sawatola kumunda. Manyazi anandigwira, ndinathawira kwathu ku Lirangwe.

Azakhali anga atachiona anati ndi mauka, n'kunditengera kwa mayi wina wodziwa kudula. Mayiyo atangocheka ndi lezala, magazi anatuluka ngati atsegula mpopi. Anayesa kutseka ndi nsanza koma osasiya. Ndinakomoka akundikweza minibasi, ndinakatsitsimukira kuchipatala chachikulu m'tauni akundithira magazi.

Adokotala atandiunika anandiuza kuti nditembenuke. Anayang'anitsitsa timawanga toderako ndi tizotupa tomwe ndakula nato kumsana, n'kufunsa ngati kwathu kuli wina wotero. Ndinati malemu bambo anga anali nato thupi lonse.

"Mayi, awa si mauka, komanso si matenda opatsirana pogonana," anatero adokotalawo. "Ndi akumtundu, dzina lake nyulofayibulomatosisi. Zotupa zake zimamera m'mitsempha. Chanuchi chalowa mkati mpaka kupanikiza chikhodzodzo, impso imodzi yatupa kale."

Timawanga tomweti, toti sitinandiwawepo ndi kale lonse? Atanena kuti ana akhoza kutengera, ndinakumbukira miyendo ya mwana wanga woyamba, wamkazi. Nayenso ali nato. Ndinalira mokuwa mpaka anamwino anathamanga.

Opaleshoni inangochotsa mbali ina ya chotupacho, poti mbali inayo inayanga malo ovuta kufikako. Mpaka lero ndimapita kukapimitsa, mwanayo ndimamutenga. Amuna anga anabwera kuwodi kudzapepesa. Ndinawakhululukira, koma mawu awo aja sanachoke m'mutu mwanga.

Amayi anzanga, chikatuluka chachilendo kumalo amenewo, pitani kuchipatala munthu asanachikhudze. Musachite manyazi, adokotala anaona zambiri. Nanunso abambo, mkazi akadwala muperekezeni kaye, zoweruza zibwere pambuyo. Ine amuna anga akanangondiperekeza, bwenzi ana anga asakukula ndi mayi wolumala mkati.