Ng'ombe ya Apongozi pa Gulupu Yathu

Nditangofika pasukulu ya ku Mwenilondo kuchokera kwathu ku Dedza, anandilowetsa pa gulupu ya aphunzitsi ya pa foni ndisanadziwe ndi komwe kuli chimbudzi. Ine zinthu zimenezi ndinkazida, koma gulupuyi inandigonjetsa. Mvula ikagwa usiku, m'mawa tinkadziwiratu njira yomwe yadzaza madzi. Mnzathu akadwala, wina ankatenga kalasi yake belu lisanalire.

Wokangalika kuposa tonse anali mphunzitsi wa Sitandade 2, mayi wachinkhonde wokwatiwa pamudzi pomwepo. Ndiye tsiku lina tinangoona kuti watuluka pa gulupu, osatsanzika. Ndinati mumtima, kunyada kumeneko!

Zinamuvuta msanga. Alangizi a maphunziro anatumiza uthenga woti tonse tikakumane pasukulu ina ku Uraha, ndipo uthengawo unadutsa pa gulupu pokha. Iye anakhala m'kalasi ndi ana ake osadziwa kanthu. Alangiziwo anapsa mtima, nanena kuti akadzajombanso amusamutsira kutali. Mayi wa mwana woyamwa, banja lake lili pomwepo, akanapita kuti?

Ndinakafunsa ahedi athu, mayi wachitumbuka wosapupuluma.

"Bwanji osangomubwezera pa gulupu?"

"Yayi, asambizgi, simukuona?" anatero, kunditchula mphunzitsi m'Chitumbuka. "Wapampando watsopano wa komiti ya sukulu, amene tamulowetsa sabata yatha, ndi adadavyala ake, bambo a mwamuna wake. Kwa Ankhonde mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'ana nkhope ya apongozi aamuna, dzina lawonso satchula. Pa gulupu paja akatsegula, nkhope ndi iyo, dzina ndi ilo."

Munthu amene ndinkamuyesa wonyada anali atalolera kuika ntchito yake pachiswe kuti asunge ulemu. Ahedi nawo anali pampanipani, chifukwa kuchotsa wapampando kukanakhala chipongwe. Anangopita kukacheza ndi wapampandoyo kumunda wa mpunga, nawafotokozera zonse.

Mkuluyo ndinali nditamuonapo kamodzi, wamtali, wolankhula pang'ono, foni ankaigwira ndi manja awiri ngati mbale ya msuzi. Ndinkaganiza kuti anena kuti mwambo ndi mwambo, mkamwanayo adziwa yekha chochita. Kapena atuluka mokwiya, sukulu n'kudana ndi mudzi.

M'mawa mwake nditatsegula foni ndinaseka ndekha. Pamene panali nkhope ya wapampando panali ng'ombe yakuda ya nyanga zazifupi, itayang'ana kamera mwaulemu wake. Dzina linali litachoka, patalembedwa kuti Komiti basi. Pansi pake panali uthenga wa Chichewa chake chokhotakhota: "Ine pano nizalemba waka, mawu apakamwa sinizatumiza. Aphunzitsi onse abwere ku ntchito."

Sanatchule munthu, koma tonse tinamva. Pofika nthawi yopuma mayi uja anali atabwerera, iyenso atachotsa nkhope yake n'kuika bolodi la kalasi yake.

Ndagwira ntchito ndi anthu ambiri ophunzira, koma mkulu ameneyu ndimamupatsa ulemu wapadera. Mwambo sanauthyole, foni sanaitukwane, anangodzichepetsa yekha.

Alangizi ataitanitsanso msonkhano wina, uthenga unaikidwa ndi ng'ombe ija. Woyamba kuyankha anali mkamwana, ndi mawu amodzi okha: "Tamva." Ndinamuona mu ofesi akulemba mawuwo, atatsika pampando n'kugwada pansi, foni ili m'manja.