“Mafuta ndi mafuta,” anatero aMbewe

Lachiwiri lapitali ndinakalipira mkulu wa mpingo pamsewu, anthu akuona. Amene mukudikira kuti ndipepese pano, pitani mukalime. Sindipepesa.

Mng'ono wanga Esinati amakhala ku Zemba, ndipo anali ndi pakati. M'mawa wa tsikulo matenda anayamba. Anamwino a pakiliniki atamuyeza anati mwana wagona mopingasa, tithamange naye kuchipatala chachikulu ku boma. Ambulansi inali itapita kwina ndi wodwala wina. Kudera konseko galimoto imene timathawirako ndi imodzi yokha, ya aMbewe, mkulu wa mpingo wathu, yaotomatiki ija anagula atagulitsa thonje ndi ng'ombe.

Tinakwera. Ine kumbuyo, mutu wa Esinati uli pamiyendo panga.

Titangodutsa dambo n'kuyamba chitunda, injini inakuwa ngati ikuphedwa, koma matayala osasuntha. AMbewe anaponda moto, vuuu! Galimoto ili chiimire. Mkati monse munadzaza fungo ngati la mtedza woiwalika pamoto.

Fungo limenelo ndinali nditalimvapo kale. Mwezi watha tikuchokera kumaliro ku Zingalume, galimoto yomweyi inkachita kudzuma ndi kugwedeza isanasinthe giya. Malemu amuna anga ankayendetsa takisi ku Chipata, nsanza zopukutira mafuta ndazichapa mpaka zala kusupuka, ndiye ndinafunsa mwaulemu.

“AMbewe, kodi mafuta a giyabokosi munawasinthapo chigulireni?”

Anaseka. “Amake Tiyanjane, za galimoto mwaziyamba liti? Yaotomatiki sasintha mafuta. Akachepa timangothiramo ena. Mafuta ndi mafuta.”

Azibambo amene anali m'galimotomo anasekerera nawo. Nanga mkulu wa mpingo angatsutsidwe ndi mzimayi wamasiye?

Lachiwiri ndi pamene ndinawaona “ena” aja. AMbewe anatsegula kumbuyo n'kutulutsa chigubu cha oilo wakuda bii, uja wotha ntchito wochotsedwa mu injini. Inde, uja timapaka pa milimo ya nyumba ndi mitengo ya khola kuti chiswe chisadye. Ndiye amene akhala akuthira mu giyabokosi miyezi yonseyi! Ndipo anali okonzeka kuwonjezeranso, Esinati akubuula kumbuyo.

Apo m'pamene pakamwa panga panatseguka. Zimene ndinanena sizolemba.

Abale anga, tamvani. Galimoto yaotomatiki ilibe kalachi yoponda ndi phazi. Ntchito yonse yosintha magiya imagwiridwa ndi mafuta ake apadera, nthawi zambiri ofiira, oyera bwino. Mafuta amenewo amakalamba. Fumbi la misewu yathuyi, kutentha kwa mu Okutobala, matumba a chimanga amene timaunjika mpaka galimoto kukhala pansi, zonsezo zimawapsereza. Akada ndi kuyamba kununkha, akukuuzani kuti atha. Amafuna kusinthidwa, ndi amtundu womwe galimotoyo imafuna, osati aliwonse amene mwawapeza kuseri kwa nkhokwe.

Kodi zimenezi n'zovuta? Si ife amene timadontheza oilo pa tcheni cha njinga tisanapite kuchigayo? Si ife amene timadziwa kuti feteleza wokulitsa ndi wobereketsa si amodzi? Palibe mlimi wa kwathu ku Pembamoyo amene angakuuzeni kuti feteleza ndi feteleza. Koma zikafika pa galimoto yonyamula anthu amoyo, nzeru zonse zimathera pa mawu awiri: bola ikuyenda.

Bola ikuyenda! Timayendetsa chinthu mpaka chife, kenako n'kumati n'tsoka. Wina akatitsina khutu timayamba kuyang'ana kuti ndi ndani, wavala chiyani, ndi mwamuna kapena mkazi. Akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Vuto n'lakuti m'nyumba ya aMbeweyo munatsekeredwa mng'ono wanga.

Ndipo inu azibambo amene munaseka tsiku lija, musadzichotsemo. Mmodzi wa inu anandipeza Lachitatu n'kundinong'oneza kuti, “Ifenso timaona kuti oilo ujayo si wake, koma nanga akuluakulu tingawauze bwanji?” Ulemu wanji umenewo? Ulemu woti munthu afere pachitunda kuopa kukhumudwitsa mwini galimoto?

Amene anatipulumutsa ndi bambo wina wa ngolo amene ankapita kumunda. Anatsitsa makasu ake, tinayala zitenje, ng'ombe zinatikokera mpaka pamsewu waukulu pomwe lole ya thonje inatitenga. Dzuwa linali litapendeka kale pamene Esinati ankalowa ku opaleshoni.

Iye ali moyo. Mwana ndi wamwamuna, koma anatopa kwambiri m'mimba, ndipo mpaka lero akupumira timapaipi ta m'mphuno. Sanayamwe. Dzina sitinamupatse, tikuopa. Esinati akangotsegula maso funso lake ndi limodzi: “Achemwali, akupuma?”

Dzulo aMbewe anabwera kudzazonda, atanyamula shuga ndi sopo. Anakhala pabenchi, chipewa chili m'manja.

“Amake Tiyanjane, zonse ndi chifuniro cha Mulungu.”

“AMbewe,” ndinatero, “Mulungu musamunamizire. Chigubu chija chinali m'manja mwanu.”

Shugayo ndinalandira, chifukwa Esinati akufunika phala.

Tsono inu amene muli ndi galimoto imodzi ya m'mudzi mwanu, imene amayi apakati amaidalira, mawa musanayambe kuitanira anthu okwera, lizani injini, muiimike pamalo osapendekeka, mutsegule boneti. Ngati yanuyo ili ndi kachitsulo koyezera mafuta a giyabokosi, kazuleni mukapukute pansalu yoyera. Ngati ilibe, pitani kwa makanika akuonereni.

Ndi ofiira kapena ndi akuda? Yankhani msanga, chifukwa ine funso la Esinati likundidikira.