Ndinachepetsa wailesi tikutera pabwalo lopanda nsanja

Inu owerenga, ku Limbuli kuli bambo wina amene amayendera ndodo chifukwa cha ine. Palibe anandimanga, koma mtima wanga unandiweruza kalekale.

Ndine mphunzitsi wa oyendetsa ndege. Pali phunziro lina limene wophunzira amavala chipewa chomutchinga kuti asaone kunja, aziyendetsa poyang'ana mamita a m'ndegemo okha, monga angachitire atakumana ndi chifunga cha chiperoni. Nthawi imeneyo maso ake amakhala ine mphunzitsi.

M'mawa wina ine ndi mtsikana amene ndinkamuphunzitsa tinapita kukayeserera kutera pabwalo la udzu la kampani ina ya tiyi ku Mulanje. Bwalolo lilibe nsanja, palibe wokuuzani kuti iwe tera, iwe dikira. Oyendetsa mumangouzana nokha pa wailesi n'kumapenyetsetsa. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti a Wyson, amene ankathira feteleza m'minda ya tiyi ndi kandege kawo, amatera ndi kunyamuka pomwepo pafupipafupi. Iwo amayendera maso ndipo amazungulira chapafupi, pamene ife a mamita timabwera molunjika kuchokera kutali.

Ndinalengeza pa wailesi kamodzi kokha kuti tikubwera, tikadali kutali. Kenaka mtsikana uja anayamba kuphonya njira, uku wailesi ikusokosa ndi za ndege zina. Ndinaichepetsa mawu kuti andimve, n'kuweramira pa mamita kumulozera ndi chala. Ndinkadziona katswiri, ndinati kamphindi chabe. Amati tsoka silinunkha, koma ili linachita kufuula. Ine ndi amene ndinatseka makutu.

Nditadzutsa mutu, ndege ya a Wyson inali pamphuno pathu, ikukhota kuti itere. Ine sindinakhotetse. Iwo ndi amene anakhotetsa mwamphamvu kutipatsa njira, phiko lawo n'kukola mitengo ya bulugama m'mphepete mwa bwalo, ndege yawo n'kugwa. Ife tinadutsa osakandika n'komwe.

Ndinakawaona kuchipatala atawadula mwendo. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, ndipo bwenzi zitandipepukira.

"Achimwene," anatero, "ndinakuitanani katatu. Munali kuti?"

Iwo anafunsanso, "Nanga mwana munali naye uja, ali bwino?"

Ndinatuluka panja kukalira. Bambo ameneyu mayi ake ankathyola tiyi m'minda yomweyo imene iye ankauluka pamwamba pake, ndipo m'dera lonselo ankamunyadira. Sadzaulukanso.

Anzanga ophunzitsa, pabwalo lopanda nsanja simuli nokha. Lengezani mobwerezabwereza pomwe muli, mverani anzanu, ndipo wophunzira akaphonya mlekeni aphonye, mudzamuwongolera mutatera. Mukamutchinga maso, anuwo asachoke kunja. Ine ndinawerama kamphindi, koma amene analipira ndi munthu amene anachita zonse molondola.