Malo Pambali pa Amayi

Idrisa wa ku Chia wakhala akusoka maukonde pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu, kuyambira ali mnyamata. Ntchito yake ndi ya zala, koma maso alibe mpanda: zodutsa pamsewupo amaziona, afune asafune.

Anyamata ambiri a m'mudzimo anapita ku Joni. Otsala anapanga gulu lodzitcha Ana a Mwera, mkulu wawo Sharifu. Ankalanda usipa woyanikidwa pathandala ndi zikwanje dzuwa likuswa mtengo. Tsoka lake, adzukulu okumba manda analinso iwo omwewo, nanga nkhalamba zingalimbe ndi khasu? Banja la a Nester litawanenera kupolisi, maliro amene anagwa pakhomo pawo anafika ponunkha, makasu osaoneka. Anthu anaphunzirapo.

Tsiku lina masana Idrisa anaona gululo likugwetsa Tryson wa kabaza, kumumenya mpaka kukomoka, n'kumulanda njinga. Sharifu anacheuka, maso awo n'kukumana. Idrisa anaweramira ukonde wake.

Nthawiyo amayi ake anali chigonere, ngakhale phala losapita. Ndipo maliro a Msilamu sagonera. Munthu amaikidwa tsiku lomwelo. Akalankhula, adzawakumbira ndani amayiwo?

Wapolisi anabwera ndi Tryson, mutu uli m'mabandeji.

"Bambo, inu simuchoka pano. Munaona ndani?"

"Ndinali chowerama, bwana. Ukonde umafuna maso onse awiri."

Tryson, amene ankanyamula amayiwo popita kuchipatala, anangomuyang'ana. Manyazi anamugwira Idrisa, koma mantha ndiwo anakula.

Amayi anatsikira kulichete Lachisanu m'mawa. Ana a Mwera anafika ndi makasu asanaitanidwe n'komwe, ndipo anakumba bwino zedi, manda owongoka ngati oyezera chingwe. Dothi lomaliza litagwa, mtima wa Idrisa unakhala pansi. Chomuopsezera chatha; mawa akanena zonse kupolisi.

Anthu akubalalika, Sharifu anamuyandikira, khasu lili paphewa, nagwira dzanja lake ndi manja awiri mwaulemu.

"Pepani, achimwene. Mwaona kuti takumba mosunthira uku? Pambali pa amayi tasiyapo malo. Dothi lake n'lofewa, sitingachedwe nalo."

M'mawa mwake Idrisa anatenga kampando kake n'kukatembenuza. Mpaka lero amasoka maukonde pansi pa mango womwewo, msana ataulozetsa kumsewu.