Kamuvi Kakuda pa Gombe la Pakhomo

Chikhadabo cha chala chawo chachikulu chakumanja n'chodyeka mbali imodzi ngati nsonga ya supuni yakale, ndipo khungu la m'munsi mwake ndi lolimba moti munga umangoterereka. Unachita zimenezi ndi mchenga. Kwa zaka zambiri mayiwa akhala akutapa mchenga m'magombe, kuuika pakati pa zala ziwiri n'kumaufikisa, mutu atapendeketsa ngati akumvetsera munthu wolankhula chapansipansi. Kuntchito anawapatsa dzina loti Anamchenga, ndipo dzinalo linawatsata mpaka kunyumba, kumene adzukulu sadziwa lina.

Amagwira ntchito mu ofesi yojambula mapu, m'chipinda chapamwamba choyang'ana kudoko kumene sitima zonyamula mafuta zimakocheza. Analowamo ali mtsikana, ntchito yawo ili yokopera mizere ya ena papepala loonekera, ndipo anayamba kutumidwa kugombe chifukwa anzawo ankadana ndi matope. Pawindo lawo pali timabotolo ta mchenga wa mitundumitundu, topanda zolemba, poti eni ake amatidziwa ndi chala.

Mapu amene amakonza sasonyeza njira. Amayankha funso limodzi lokha, limene aliyense amafuna kuti lisadzafunsidwe: sitima ikadzabooka, mafuta n'kuyamba kuyandama kulowera kumtunda, tidzayambe kuteteza pati? Zotchingira mafuta, zomwe ndi mipanda yoyandama pamadzi, n'zochepa, pamene gombe ndi lalitali. Choncho wina ayenera kuliyenda lonse nthawi ikadalipo, kulidula m'zigawo, ndi kupatsa chigawo chilichonse mtundu wake. Thanthwe lomenyedwa ndi mafunde amalipaka mtundu wobiriwira, chifukwa mafundewo amalitsuka okha. Mchenga wosalala, wotsendereka, amaupaka wachikasu: mafuta salowa pansi, ndipo anthu angathe kuwapala ndi mafosholo. Timiyala n'toipirapo, poti mafuta amatsikira m'mipata n'kukhala momwemo zaka. Mtundu wofiira ndi wa matope ndi mabango a pamene mtsinje umathira m'nyanja, momwe nsomba zimaswana ndiponso mbalame zimaikira mazira. Mafuta akalowa mmenemo palibe fosholo kapena makina amene angawachotse osapha zimene akufuna kupulumutsazo.

Munthu woona mapu otere koyamba amawayesa ntchito yachifundo yokhayokha. Koma kunena kuti malo awa ayambe kutetezedwa n'kunenanso kuti malo enawo adikire, ndipo pali chizindikiro china chimene chimapitirira pamenepo. Ndi kamuvi kakuda. Mafuta sungawaimitse pamadzi, ungangowapatutsa monga amachitira ndi madzi a m'ngalande. Kamuviko kamaloza gombe limene mipanda ija idzawatsogolereko dala, kuti akaunjikane, apalidwe, akwezedwe m'magalimoto. Gombe loterolo liyenera kukhala la mchenga wotsendereka, lopanda mabango, komanso lokhala ndi msewu wofika mpaka m'mphepete mwa madzi.

Anamchenga amakhala kunja kwa tawuni, m'nyumba ya pachitunda choyang'ana kagombe ka mchenga wosalala. Amuna awo anapuma pantchito yoyendetsa chigalimoto chosalaza misewu, koma kupumako kunawakana. Kale kutsikira kumadzi kunali kanjira ka mbuzi. Bambowa anatenga wilibala, piki ndi fosholo, nayamba kukumba. Anansi anawaseka, kenaka ena anawathandiza, ndipo patapita zaka zingapo panali msewu weniweni, wa miyala yotsenderedwa bwino, wokhala ndi ngalande uku ndi uku, wotukuka pang'ono pakati kuti madzi a mvula asaime. Kumunsi anadzala mitengo ya mthunzi nakhoma mabenchi awiri. M'mawa uliwonse amatsika ndi thumba kukatola mabotolo ndi mapepala a pulasitiki. Mlongo wa bambowo, mayi wamasiye wosadziwa kumeza mawu, amakhala nawo pakhomopo, ndipo Loweruka ndi Lamulungu amagulitsa tiyi pansi pa mitengoyo kwa anthu a m'tawuni obwera kudzasambira.

"Msewu uwu," bambowo amakonda kuuza alendo, "lole yodzaza simenti itha kutsika n'kukwera dalaivala akuimba nyimbo." Anamchenga anamva mawu amenewa kambirimbiri. Chaka chimene ofesi inafika pachigawo cha kwawo, anawamva mwa mtundu wina.

Kupitirira kagombeko pali mtsinje umene umathira m'nyanja pakati pa mabango, ndipo miyezi yambiri mphepo imachokera kudoko kulowera komweko. Anamchenga anayenda chigawo chonse cha pakati pa doko ndi mtsinjewo, nabwerezanso, kufunafuna poika kamuvi. Anapeza gombe la mchenga wabwino, koma kumbuyo kwake kuli phompho. Anapeza lina lokhala ndi msewu, koma ataufikisa mchenga wake unali wa timiyala, womwa mafuta ngati siponji. Mchenga wa pakhomo pawo sunafunike kuufikisa, poti amausesa m'nyumba tsiku ndi tsiku.

Mkulu wa ofesiyo, munthu waulemu amene ankadziwa kumene mayiwa amakhala, anawaitanira pambali.

"Mayi, chigawo ichi ndingapatse wina. Palibe amene angakudabweni."

"Winayo akapezako mchenga wina?" anafunsa Anamchenga.

"Ayi. Koma alibe mwamuna kumeneko."

"Ndiye musiyeni ndi mtendere wake. Ndijambula ndine."

Mapuwo anayenera kukaonetsedwa kwa anthu a m'deralo pamsonkhano. Tsikulo lisanafike, Anamchenga anabwera nawo kunyumba, nawayala patebulo lodyera, m'makona atapsinja ndi makapu. Bambowo anavala magalasi nawerama.

"Uwu si msewu wanga uwu?" anatero, chala chili pamzere wotsika chitunda. "Mwaulemba wonenepa ngati wa phula. Achemwali, tabwerani mudzaone, mlongo wanu walowa m'mapu."

Mlongo wawoyo anatuluka m'khitchini akupukuta manja. Anayang'ana, kenaka analoza.

"Nanga kakuda aka, kakulasa pamene ndimaika tebulo langa, n'kachiyani, alamu?"

Anamchenga anafotokoza monga amafotokozera pamisonkhano, mosathamanga ndiponso mosachotsapo kanthu: za mphepo, za mabango, za mipanda yoyandama, za magalimoto amene adzatsike kudzanyamula mchenga wakuda.

"Ndiye kuti," anatero mlamu wawoyo, "akazi ena polowa m'banja amabweretsa mbale ndi makatani, inu mwatibweretsera mafuta a sitima."

"Sindinawabweretse, alamu. Mwinanso sadzabwera n'komwe. Ndangonena kumene adzawaunjike akadzabwera."

"Pakhomo pathu."

"Pakhomo pathu, eya."

"Nsombazo ndiye abale anu, ife ndife odutsa m'njira."

"Mchenga uwu tidzaupala, adzathira wina, ana adzasambiranso. Mabango aja akamwa mafuta, adzukulu athu adzamera imvi asanaonemo nsomba."

Chala cha bambowo chinali chikadali pamzere wa msewu uja. Anafunsa funso limodzi.

"Msewuwu ukanapanda kukhalapo?"

Apa panali mpata wozemba. Akanatha kunena kuti zinthu zoganizira n'zambiri, kapena kuti akuluakulu ndiwo amatsiriza, ndipo zonsezo sizikanakhala zabodza kwenikweni. Koma Anamchenga, amene amatha kukhala tsiku lonse osatulutsa mawu, sadziwa kuyankha funso limene sanafunsidwe m'malo mwa limene afunsidwa.

"Kamuvi sikakanakhala pano," anatero.

Bambowo anachotsa makapu aja limodzilimodzi, napinda mapuwo bwinobwino motsata mizere yake, nawapereka kwa akazi awo ndi manja awiri. Kenaka anatuluka.

Masiku otsatira sanatsikenso kugombe. M'nyumba ankalankhulana za mchere, za mpopi wa madzi wodontha, za chifuwa cha mdzukulu, zonsezo mwaulemu wochuluka, umene m'banja lokhalitsa sukhala chizindikiro chabwino. Mlamu uja ankawapatsa Anamchenga tiyi wopanda shuga, amvekere n'kofunika ayambiretu kuzolowera zowawa. Anamchenga ankamwa osadandaula. Sanapepese, ndipo sanabwereze kufotokoza. Chimene anachita n'chakuti m'mawa, asanakakwere basi, ankatenga thumba lija n'kutsika okha kukatola mabotolo. Ankatola moipa, poti maso awo anazolowera kuona mchenga osati zimene zili pamwamba pake, ndipo bambowo, ali pakhonde, ankaona botolo lililonse limene latsala.

Sikovuta kumvetsa chimene chinawawawa bambowo. Sankaopa mafutawo, amene mwina sadzafika iwo ali moyo. Chinawapweteka n'chakuti ntchito ya manja awo, imene ankaiona ngati mphatso kwa anthu, ndiyo inaitana chinthucho, ndipo amene anazindikira zimenezi ndi yemwe ankawatsikira ndi madzi akumwa masiku amene ankakumba. Mlendo akanaloza gombelo, bambowo akanati sadziwa thukuta limene linagwerapo. Akazi awo ankalidziwa, chifukwa malaya a bambowo ankachapa ndiwo.

Loweruka lina m'mawa Anamchenga anamva wilibala ikulira potsika chitunda. Atatsatira, anawapeza amuna awo kumathero a msewu akukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe.

"Magalimoto anuwo ndi aatali bwanji?" anafunsa bambowo osatembenuka.

"Ngati aja amabweretsa petulo kumalo omwetsera galimoto."

"Ndiye pano sangatembenuke. Yoyamba idzatsika, pobwerera m'mbuyo idzatitimira mumchenga, enawo adzangondanda pachitunda kumaonerera. Mapu anu sananene zimenezo."

Kunena zoona, za potembenukira Anamchenga anali atazilemba kale kuofesi, pamndandanda wa zofunika kukonza. Sanazitchule.

"Ndiye titani, bambo?"

"Inu musatani. Mwachita kale zanu. Ingondigwirirani chingwechi, ndipo muchikoke, osati kuchisisita ngati mchenga wanu uja."

Kuti bwalo lotembenukira likwane, panafunika kuzula benchi limodzi ndi kusuntha tebulo la tiyi. Mwini tebuloyo anaima manja ali m'chiuno, kuyang'ana mlongo wake, kuyang'ana mlamu wake.

"Wina akuitana mafuta, wina akuwayalira pogona. Ine ndinalakwa chiyani kuti ndikalambire pakati pa anthu awiri inu?"

"Nyamulani mbali yanuyo, achemwali," anatero bambowo, "tebuloli silidziyendera."

Mpaka lero mafuta sanabwere. Pabwalopo pamatembenukira maminibasi obweretsa osambira, ndipo madalaivala amayamikira kuti ndi lotakasuka, osadziwa chimene analikonzera. Bambowo anayambiranso kutola mabotolo, ataletsa akazi awo kukhudza thumba lija. Akamaonetsa alendo msewu, masiku ano amawonjezera kuti uli m'mapu, ndi kuti tsiku la tsoka udzanyamula katundu amene misewu ya phula yalephera. Za kamuvi satchula, koma kopi ya mapuwo anaipempha, ndipo ili m'kabati momwe amasunga ziphaso zawo za ntchito. Shuga anabwerera mu tiyi wa Anamchenga, ngakhale mlamu wawo amati n'kuiwala chabe.

Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino m'tawuni, anamva nkhani yonseyi mochedwa, kuchokera kwa azakhali akewo, amene anaikometsera momwe akanathera. Atabwera kudzacheza anawapeza mayi ake pabenchi lotsala lija, akufikisa mchenga pakati pa zala mwachizolowezi.

"Amayi, akuti akuntchito anafuna kupatsa wina chigawochi. Bwanji simunangolola?"

Anamchenga anasasa mchengawo m'manja.

"Winayo akanaika kamuvi pomwepa. Ndiye bambo ako akanakwiyira munthu wosamudziwa, ndipo mkwiyo wotero susowa pokhala, umakhalitsa. Ine akandikwiyira, madzulo timadyabe patebulo limodzi."